Kusankha Felemu ndi Zipangizo za Njinga Yothamangira Pamsewu wa Phula

Njinga yothamangira pamsewu wa phula, ija ya mahandulo okhotera pansi ndi matayala opyapyala, imagulitsidwa ngati chinthu chimodzi, koma ili ndi zigawo zitatu zimene kawirikawiri zimachokera ku mafakitale osiyana. Pali felemu ndi foloko yake, pali mawilo, ndiponso pali zipangizo zoyendetsera ndi kuimitsira njingayo, monga magiya, tcheni ndi mabuleki. Munthu amene wapalasa njinga yake yoyamba kwa zaka zingapo, n'kufuna ina yabwinopo, amayamba kufunsidwa kuti felemu ikhale ya chitsulo, ya aluminiyamu, ya titaniyamu kapena ya kaboni. Funsoli ndi lofunika, koma limatchuka mopitirira muyeso. Dzina la chimene anapangira felemu silinena zambiri za mmene njingayo idzayendere. Zimene zimanena zambiri ndi kukula ndi kaumbidwe ka mapaipi, muyeso wa felemu poyerekeza ndi thupi la wokwera, ndi mtundu wa matayala ndi zipangizo zimene felemuyo ingalandire.

Pokamba za felemu anthu amasokoneza zinthu zitatu: kulemera, kulimba ndi kusapindika. Kulimba ndi kukana kuthyoka, pamene kusapindika ndi kukana kuwerama munthu akaponda mwamphamvu. Kachidutswa ka chitsulo ka sentimita imodzi mbali zonse kamalemera magalamu pafupifupi 7.8, ka titaniyamu 4.5, ka aluminiyamu 2.7. Koma pa kusapindika, titaniyamu ali ndi theka chabe la mphamvu ya chitsulo, ndipo aluminiyamu ali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chimene chitsulo chataya polemera chimachibweza posapindika, moti zitatuzi zikayesedwa kilogalamu kwa kilogalamu zimangofanana. Kusiyana kumabwera pa kaumbidwe ka paipi. Paipi ikakulitsidwa kawiri m'mimba mwake, khoma lake osalisintha, imalemera kawiri koma imakana kupindika pafupifupi kasanu ndi katatu. N'chimodzimodzi ndi nsungwi, imene ndi yamphako koma imanyamula denga. Aluminiyamu, pokhala wopepuka, amalola mapaipi akuluakulu a khoma lochindikala bwino. Paipi ya chitsulo ikakula chomwecho, khoma lake liyenera kupyapyala ngati chitini cha zakumwa kuti isalemere, ndipo ikangogundidwa pang'ono imapindikira m'kati. Ichi n'chifukwa chake njinga yachitsulo imaoneka yowonda ndipo ya aluminiyamu imaoneka yonenepa.

Chitsulo ndicho chinalamulira kwa zaka pafupifupi 100. Mu 1897 kampani ya Reynolds ya ku Birmingham inalembetsa luso lopanga paipi yochindikala kumapeto, kumene imalumikizidwa, koma yopyapyala pakati. Paipi yotere ingakhale ndi khoma la mamilimita 0.9 kumapeto ndi 0.6 pakati, ngakhale kunja ikuoneka yofanana. Mtundu wake wotchuka wa Reynolds 531 unatuluka mu 1935, ndipo ku Italy kampani ya Columbus inapanga mapaipi amene amisiri a kumeneko anamangira njinga za akatswiri. Chitsulo cha njinga zothamanga n'chosakaniza ndi zitsulo zina monga chromium ndi molybdenum, ndipo n'chosiyana kwambiri ndi chija cha njinga zonyamulira matumba a chimanga. Ubwino wake ndi wakuti chimachenjeza: chimayamba kupindika, kapena mng'alu umakula pang'onopang'ono, chisanathyoke. Anthu amakonda kunena kuti felemu yachitsulo ingawotcheredwe paliponse. Izi n'zoona pa njinga ya kabaza, koma wowotcherera mageti akaika ndodo yake ya magetsi pa khoma la mamilimita 0.6 amangoliboola. Paipi yotere imafuna mmisiri wodziwa kulumikiza ndi mkuwa pamoto wa gasi, kapena makina owotcherera zitsulo zopyapyala. Mdani wina ndi dzimbiri loyambira m'kati. Madzi a mvula amalowera pamene palowa mtengo wa chishalo n'kukaima pansi penipeni pa felemu, ndipo penti kunja amakhala ali bwinobwino pamene m'kati mukudyeka.

Mbiri ya aluminiyamu imaonetsa bwino kuti chimene anapangira felemu pachokha sichilamula kayendedwe ka njinga. M'zaka za m'ma 1970 makampani a Alan ku Italy ndi Vitus ku France ankamata ndi guluu mapaipi a aluminiyamu aang'ono ngati a chitsulo, ndipo njingazo zinadziwika kuti n'zofewa, zogwedera wokwera akaimirira pa mapedulo. Ku America, Klein ndi Cannondale anatenga njira ina ya mapaipi akuluakulu owotcherera. Cannondale inatulutsa njinga yake yoyamba yotere mu 1983, ndipo posakhalitsa aluminiyamu yemweyo anayamba kudandaulidwa kuti ndi wouma, wopweteka msana. Lero mapaipi amaumbidwa powapopera madzi amphamvu m'kati ali m'chikombole, choncho paipi imodzi ikhoza kukhala yotakata kumene kukufunika mphamvu ndi yophwatalala kumene kukufunika kufewa. Mitundu yofala ndi 6061 ndi 7005. Vuto lake lenileni ndi kutopa. Chitsulo ndi titaniyamu zikamapindidwa pang'ono kwambiri zimapirira mpaka kalekale, koma aluminiyamu amasunga kupindika kulikonse, ndipo tsiku lina mng'alu umatuluka, kawirikawiri pafupi ndi powotcherera. Opanga amadziwa zimenezi ndipo amasiya mphamvu yokwanira zaka zambiri. Koma felemu ya 6061 ikang'aluka, kuiwotcherera kokha sikokwanira, chifukwa moto umafewetsa malowo ndipo felemu yonse imafunika kuikidwanso mu uvuni kuti ilimbe. Nthawi zambiri imangotayidwa. Ngakhale zili choncho, kwa munthu wa ndalama zowerengeka palibe felemu yopindulitsa kuposa ya aluminiyamu yopangidwa bwino. Marco Pantani anapambana mpikisano wa Tour de France wa 1998 pa njinga ya aluminiyamu ya Bianchi.

Titaniyamu wa njinga amakhala wosakaniza ndi aluminiyamu wokwana 3 peresenti ndi vanadium wokwana 2.5 peresenti. Sachita dzimbiri, choncho safuna penti, ndipo felemu ya zaka 20 ikapukutidwa imaoneka ngati yatsopano. Kudula kwake kumachokera pa ntchito. Amabunthitsa zida zodulira, ndipo powotcherera malowo ayenera kuphimbidwa ndi mpweya wa argon kunja ndi m'kati, apo ayi mpweya wamba ukalowa, cholumikiziracho chimadzang'aluka. Sapepuka kuposa kaboni. Amene amagula kwa makampani monga Litespeed kapena Moots amalipirira kukhalitsa, osati liwiro.

Kaboni si chitsulo. Ndi timaulusi topyapyala kuposa tsitsi, toyalidwa ngati nsalu n'kunyowetsedwa ndi guluu wolimba. Nsaluzo zimadulidwa tizidutswa mazanamazana, ndipo antchito amatiyala ndi manja m'chikombole, kalikonse moloza kumene kwalembedwa, kenaka chikombolecho chimatenthetsedwa uku m'kati mukupopedwa mpweya kuti tizidutswato tikanikizane. Ulusi umalimba motsata utali wake wokha, ndipo apa ndi pamene pagona luso lonse. Wopanga akhoza kuchititsa kuti pansi pa felemu pasagwedere m'mbali koma kumbuyo kuzifewa pang'ono njinga ikagunda bampu, zimene chitsulo sichingachite mosavuta. Akhozanso kuumba mapaipi odula mphepo. Ulusi wambiri umachokera ku kampani ya Toray ya ku Japan, ndipo mayina monga T700 ndi T800 olembedwa m'zotsatsa ndi mitundu ya ulusi wake. Mafelemu ambiri, ngakhale a mayina a ku Ulaya ndi ku America, amaumbidwa ku Taiwan ndi ku China. Greg LeMond anapambana Tour de France ya 1986 pa njinga ya mapaipi a kaboni omatidwa m'zolumikizira za aluminiyamu, ndipo masiku ano pampikisanowo palibe amene amakwera china. Felemu yabwino ya kaboni imalemera pansi pa kilogalamu imodzi.

Kaboni satopa msanga ndipo sachita dzimbiri, koma amaopa kumenyedwa pamalo amodzi ndi kufinyidwa. Njinga ikagwera pa mwala wosongoka, kapena handulo likazungulira n'kumenya paipi ya pamwamba, nsalu za m'kati zikhoza kulekana penti osasonyeza kanthu. Chimene chimawononga mafelemu si ngozi yapamsewu yokha komanso sipanala. Pafupi ndi mabawuti ogwira mahandulo ndi mtengo wa chishalo pamalembedwa nambala yaing'ono, kawirikawiri pakati pa 4 ndi 6 Nm, yosonyeza polekezera kumanga. Dzanja lozolowera kumanga bawuti mpaka italira limaphwanya paipi ya kaboni mosazindikira, choncho wogula njinga yotere ayenera kugulanso sipanala yoyeza mphamvu. Chodabwitsa n'chakuti kaboni amakonzeka kuposa aluminiyamu, popeza katswiri amapala malo owonongeka n'kuyalapo nsalu zatsopano, kungoti akatswiri otere sapezeka paliponse. Pamsika palinso mafelemu achinyengo okhala ndi mayina a makampani otchuka. Felemu yodalirika ndi imene inayesedwa motsata muyezo wa ISO 4210 ndipo ili ndi kampani yodziwika yoiyankhira. Foloko ndi yofunika kuisamala kuposa zonse, chifukwa ikathyoka wokwera amagwa chamutu, ndipo pafupifupi njinga zonse zothamanga, za aluminiyamu ndi titaniyamu zomwe, zimakhala ndi foloko ya kaboni.

Nkhani ya kufewa kwa njinga imanenedwa ngati ya felemu, pamene kwenikweni ndi ya matayala. Felemu ndi makona atatu awiri olumikizana, ndipo chinthu cha makona atatu sichiwerama wamba. Chimene chimameza mabampu ndi mpweya wa m'tayala, kenaka mtengo wa chishalo ndi chishalocho. Kwa zaka zambiri akatswiri ankakwera matayala a mamilimita 23 opopedwa gwa, pokhulupirira kuti tayala lopyapyala ndilo lothamanga. Kuyesa kunadzaonetsa kuti pa phula lokakala tayala louma limangodumphadumpha n'kutaya mphamvu, ndipo lero mamilimita 28 mpaka 32 ndiwo afala. Choncho nambala yoyamba kuifunsa pa felemu ndi ya tayala lalikulu limene lingalowe popanda kukhula. Felemu ya aluminiyamu yolola mamilimita 32 imayenda mofewa pamsewu wa zigambazigamba kuposa ya kaboni yodula imene imalekezera pa 25, ndipo tayala lalikulu silitsina chubu msanga likagwera m'dzenje.

Muyeso wa felemu sungakonzedwe ndi ndalama njinga itagulidwa kale. Zilembo za S, M ndi L, ngakhalenso manambala monga 54 ndi 56, zimasiyana kampani ndi kampani. Miyeso iwiri yodalirika ndi imene imalembedwa kuti stack ndi reach. Yonse imayambira pakati pa ekiselo ya mapedulo kukafika pamwamba pa paipi imene foloko imadutsamo: woyamba umayeza kukwera m'mwamba, wachiwiri kutalika chakutsogolo. Amene ali kale ndi njinga yomukwana ali ndi mwayi, chifukwa akhoza kuyeza yakeyo n'kufananitsa. Njinga zampikisano zimakhala zazifupi kutsogolo ndi zazitali, kuti wokwera awerame kwambiri. Zina zimapangidwira maulendo ataliatali, ndipo mahandulo ake amakhala m'mwamba pang'ono. Ambiri amagula yampikisano chifukwa chooneka bwino, kenaka n'kuunjika timphete pansi pa mahandulo kuti akwere, kusonyeza kuti thupi linkafuna mtundu winawo.

Kulemera ndi kumene kumadya ndalama zambiri pa phindu lochepa. Bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse la UCI linalamula mu 2000 kuti njinga yampikisano isapepuke kuposa makilogalamu 6.8. Njinga yabwino ya mtengo wapakati imalemera makilogalamu 8 kapena 9. Munthu wa makilogalamu 75, njinga ya 9 ndi katundu wa kilogalamu imodzi zimakwana 85. Kuchotsapo kilogalamu imodzi kumachepetsa nthawi yokwera chitunda chachikulu ndi kupitirira pang'ono 1 peresenti, kutanthauza masekondi pafupifupi 40 pa ola lathunthu. Botolo la madzi lodzaza limalemera pafupifupi chomwecho. Pamalo athyathyathya chobweza njinga m'mbuyo ndi mphepo, ndipo gawo lalikulu la mphepoyo limagunda thupi la wokwera, osati felemu.

Zipangizo za magiya ndi mabuleki zimagulitsidwa m'magulu, ndipo makampani atatu ndiwo agwira msika: Shimano ya ku Japan imene inayamba mu 1921, Campagnolo ya ku Vicenza ku Italy ya mu 1933, ndi SRAM ya ku Chicago ya mu 1987. Kwa nthawi yaitali makwerero a Shimano akhala akuyambira pa Claris, kubwera Sora, Tiagra, 105, Ultegra, mpaka Dura-Ace. A SRAM ndi Apex, Rival, Force ndi Red. Kukwera kuchokera pansi kufika pakati kumabweretsa kusintha kooneka: magiya ambiri oyandikana, kusintha kosalala, mabuleki ogwira bwino. Kuchokera pakati kupita pamwamba, chachikulu chimene chimasintha ndi magalamu ochepa ndi mtengo. N'chifukwa chake 105 ndi Rival zimatengedwa ngati polekezera pa munthu amene sapikisana kuti adye. Pali mfundo inanso imene imaiwalika m'sitolo. Tcheni, kaseti (timbale ta mano ta pawilo la kumbuyo) ndi mabuleki zimatha, ndipo amene wagula gulu lapamwamba wadzimangirira kugula zosinthira zapamwamba zaka zonse. Tcheni cha magiya 11 kapena 12 chimafunika kusinthidwa chikangotalika ndi theka la peresenti, apo ayi chimadya mano a kaseti. Zipangizo za makampani osiyana kawirikawiri sizigwirizana, ngakhalenso za kampani imodzi ngati chiwerengero cha magiya chasiyana, ndiye ndi bwino kuyamba waona zimene amakaniko apafupi amasunga.

Magiya amagetsi anafala kuyambira mu 2009 pamene Shimano inatulutsa Di2. SRAM inaonetsa eTap yopanda mawaya mu 2015, ndipo mu 2022 magetsi anatsikira ku 105. Sasokonekera monga amachitira a waya waya akatamuka, koma amafuna kutchaja batire, ndipo kachipangizo kosuntha tcheni kakaphwanyika pangozi, kugula kena kumadula koopsa. A waya amakonzedwa pansi pa mtengo ndi sikuludiraiva.

Chofunika kuposa dzina la gulu ndi kuchuluka kwa mano. Kutsogolo kumakhala mbale ziwiri za mano, zimene kale zinkakhala 53 ndi 39, koma tsopano zofala ndi 52 ndi 36, kapena 50 ndi 34. Wilo la njinga yotere likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2.1. Giya yopepuka ya njinga zakale, mano 39 kutsogolo ndi 25 kumbuyo, imayendetsa njinga mamita 3.3 mapedulo akazungulira kamodzi. Ya 34 kutsogolo ndi 34 kumbuyo imayendetsa mamita 2.1 okha. Pamsewu wokwera phiri la Zomba kupita ku Ku Chawe, kapena wa Khwekhwerere wochokera ku Golomoti, kusiyana kumeneku ndiko kumalekanitsa wopalasa atakhala pa chishalo ndi wotsika n'kumakankha. Giya yolemera kwambiri imagwira ntchito mphindi zowerengeka pamtsetse, pamene yopepuka imapulumutsa mawondo tsiku lililonse.

Mabuleki ayenera kusankhidwa limodzi ndi felemu, chifukwa felemu ya mabuleki ogwira pa limu singalandire a disiki. UCI inavomereza kotheratu mabuleki a disiki pamipikisano yapamsewu mu 2018, ndipo kuchokera pamenepo njinga zatsopano zambiri zimabwera nawo. Amagwira mofanana pamvula ndi padzuwa, sadya limu, satenthetsa tayala pamtsetse wautali, ndiponso ndi amene anatsegula malo a matayala akuluakulu, popeza mabuleki a pa limu ambiri amalekezera pa mamilimita 28. Koma amalemera pang'ono, amalira akadetsedwa ndi mafuta, ndipo amene amayendera mafuta amafuna kuchotsedwa mpweya nthawi ndi nthawi. Mafuta akenso si amodzi. Shimano ndi Campagnolo amagwiritsa ntchito mafuta a mineral, pamene mabuleki ambiri a SRAM a njinga zapamsewu amafuna a DOT onga a galimoto, ndipo kuthira olakwika kumawononga timphira ta m'kati. Mawilo a njinga yakale nawonso sasamuka, chifukwa mafelemu a disiki amagwiritsa ntchito ekiselo ya mamilimita 12 yolowa m'felemu, yotalikirana mamilimita 100 kutsogolo ndi 142 kumbuyo.

Pali tinthu tina tobisika timene timadzaonekera pakapita chaka. Mabelingi a ekiselo ya mapedulo amalowa m'felemu mwa njira ziwiri: pa mazinga, monga mwa muyezo wakale wa BSA ndi watsopano wa T47, kapena mokanikizira, monga BB86 ndi BB30. Okanikizira amayenda bwino ngati bowo linapangidwa molondola, koma likaphonya pang'ono njinga imalira pa kuponda kulikonse. Mawaya obisidwa m'kati mwa mahandulo ndi felemu amakongoletsa njinga, koma kusintha belingi ya pakhosi, pamene foloko imadutsa, kapena kukweza mahandulo kumasanduka ntchito ya tsiku lonse yomasula mapaipi a mabuleki. Kachitsulo kamene kamagwira chosunthira tcheni kumbuyo kanapangidwa dala kuti kazipindika njinga ikagwa, kuteteza felemu, koma mafelemu ambiri ali ndi kawokawo. Kugula kapadera tsiku logula njinga kumapewetsa miyezi yodikira.

Pofuna kuti mtengo utsike, makampani ambiri amaika felemu ya kaboni ndi chosunthira tcheni cha dzina lalikulu poonekera, n'kubisa kuchepetsako m'mawilo olemera ndi matayala ouma. Pa ndalama zofanana, njinga ya aluminiyamu ya 105 ndi mawilo abwino nthawi zambiri imaposa ya kaboni ya zipangizo zapansi. Matayala abwino ndiwo amasintha kayendedwe ka njinga kwambiri pa ndalama zochepa. Malimu akuya a kaboni amadula mphepo koma amakankhidwa ndi mphepo yam'mbali, makamaka kwa wokwera wopepuka. Matayala opanda chubu, othiridwa madzi omata, amadzitseka okha minga ikabaya, koma madziwo amauma pakapita miyezi ingapo, ndipo msanga kumalo otentha. Malimu ena atsopano alibe mlomo wokola tayala, ndipo saloledwa kupopedwa kupitirira 5 bar kapena kuvekedwa tayala limene silinavomerezedwe.

Njinga yogwiritsidwapo kale ntchito imafuna diso losiyana malinga ndi felemu. Yachitsulo imazulidwa mtengo wa chishalo kuti m'kati muunikidwe ndi tochi, ndipo pansi pa mapaipi awiri olumikizana ndi khosi pamapapasidwa ngati pali makwinya osonyeza kuti inagundapo chakutsogolo. Ya aluminiyamu imatsukidwa kaye, kenaka n'kuyang'anitsitsa m'mphepete mwa powotcherera monse ngati muli kamzere konga tsitsi. Ya kaboni imagogodedwa pang'onopang'ono ndi kandalama kachitsulo: malo abwino amalira mowala, olekana m'kati amalira mogonthera, ngakhale kuti njirayi siigwira zonse. Foloko imatulutsidwa kuti paipi yake yolowa m'khosi ionedwe pamene mabawuti amafinya. Kuchokera pa njinga yakale, zimene kawirikawiri zimasamukira pa yatsopano popanda vuto ndi chishalo chimene thupi linachizolowera, mapedulo, ndi miyeso itatu yolembedwa papepala: kutalika kwa chishalo kuchokera pa ekiselo ya mapedulo, mtunda wochokera pa nsonga ya chishalo kufika pa mahandulo, ndi mmene mahandulowo atsikira pansi pa chishalo.